PlayStation, Xbox kapena kompyuta: ndalama za magemu zimathera pati?

Mng'ono wanga anandiimbira foni madzulo ena, mawu ali m'mwamba ngati wapeza ntchito. "Achimwene, kandalama kaja kakwana tsopano. Ndigule PS5 kapena ndisonkhanitse kompyuta? Anzanga akuti ukawerengera zaka zambiri kompyuta ndiye yotchipa." Ndinamufunsa kuti akufuna kumasewera chiyani. "Mpira basi, ndi GTA yatsopano ikadzatuluka." Kwa ine yankho linali litapezeka pomwepo, koma iye sanakhutire. Anali atamva masamu a anthu a ku America ndi ku Ulaya, komwe khadi la ku banki limagula chilichonse pa intaneti ndipo magetsi sathimathima. Masamu amenewo si abodza ayi. Kungoti amadumpha zinthu zingapo, ndipo zomwe amadumphazo ndi zomwe zimaboola thumba la munthu wa ku Ndirande kapena ku Chipata.

Mitengo yomwe nditchule ndi ya madola, monga makampani anailengezera ku America. Ya m'makwacha imasintha msanga, ndiye ndikailemba lero mawa ikhala nthano.

Console inasiya kutsika mtengo

Kale panali chizolowezi chomwe aliyense ankachidalira: console, kutanthauza makina a magemu okha monga PlayStation ndi Xbox, ikatha zaka zitatu pamsika, mtengo umatsika. PS4 inatuluka mu 2013 pa $399, ndipo pofika 2016 kunabwera PS4 Slim ya $299. Wodekha ankapindula.

Ndi PS5 zinthu zinatembenuka. Inatuluka mu Novembala 2020 pa $499 yolowa disiki, ndi $399 yopanda polowetsa disiki. Mu Ogasiti 2022 Sony inakweza mtengo ku Ulaya, ku Britain, ku Japan ndi madera ena, kenako mu Ogasiti 2025 inafika ku America komwe: yolowa disiki $549, yopanda disiki $499. Makina a zaka zisanu, okwera mtengo kuposa tsiku lomwe anabadwa. PS5 Pro, yomwe inabwera mu Novembala 2024 pa $699, inafika $749, ndipo iyo polowetsa disiki mumagula padera.

Microsoft ndiye inachita kunyanya. Xbox Series X inayamba pa $499, mu Meyi 2025 inafika $599, mu Okutobala chaka chomwecho $649. Kamng'ono kake, Series S, komwe kanakopa anthu ndi $299, kanafika $399 chaka chomwecho. Nintendo Switch 2 inalowa pamsika mu Juni 2025 pa $449, pomwe Switch yoyamba ya 2017 inali $299.

Ndiye malangizo akale aja oti "dikirani itsike" ataya mphamvu. Komabe console ili ndi ubwino umodzi womwe sunasinthe, ndipo anthu okonda kompyuta amaunyozera dala. Mukagula PS5 lero, gemu iliyonse yolembedwa kuti PS5 idzasewereka pa makina anuwo mpaka m'badwo wake utatha, zaka zisanu ndi ziwiri kapena kuposerapo. Opanga magemu ndiwo amavutika kuti gemu yawo ikwane m'makina anu. Pa kompyuta wovutika ndinu, kuti makina anu akwane mu gemu yawo.

Kompyuta ilibe mtengo umodzi

Munthu akati "kompyuta ya magemu" sananenebe kanthu, chifukwa ilipo ya $500 ndipo ilipo ya $4,000. Chomwe chimadya ndalama kwambiri ndi graphics card, chipangizo chojambula zithunzi zomwe mumaona pa sikirini. Makadi apamwamba anachita misala: GTX 1080 Ti ya Nvidia, yomwe mu 2017 inali mfumu, inali $699, RTX 4090 inabwera pa $1,599, ndipo RTX 5090 ya mu Januwale 2025 pa $1,999. Khadi limodzi, mtengo wa ma PS5 atatu ndi chenji. Amenewo tiwasiyire eni ake.

Makadi a anthu wamba sanakwere chotero. GTX 1060 ya 2016 inali $249, RTX 3060 ya 2021 $329, RTX 4060 ya 2023 $299, ndipo RTX 5060 ya 2025 inabweranso pa $299. Vuto lake makadi awiri omalizawa ali ndi memory ya 8GB yokha, pomwe magemu atsopano ayamba kufuna yoposa pamenepo mukafuna zithunzi zosalala. Chodabwitsa, RTX 3060 yakale ija ili ndi 12GB, n'chifukwa chake pa kaunjika imagwirabe mtengo.

Kuwonjezera pa khadilo pafunika processor (ubongo wa kompyuta), motherboard (thabwa lomwe zonse zimalumikizidwapo), RAM (memory yogwirira ntchito), SSD (mosungira magemu ndi mafayilo), power supply (chogawa magetsi) ndi bokosi loikamo zonsezi. Pafunikanso sikirini, kiyibodi ndi mbewa, pomwe console mumangoilumikiza pa TV ya pabalaza yomwe ilipo kale. Ndi zipangizo zatsopano zokhazokha n'kovuta kusonkhanitsa kompyuta yofanana mphamvu ndi PS5 pa mtengo wa PS5. Chifukwa chake n'chodziwika: Sony ndi Microsoft amagulitsa makinawo ndi phindu lochepa, nthawi zina moluza kumene, podziwa kuti adzakolola pa magemu ndi pa ndalama za mwezi ndi mwezi. Wogulitsa graphics card alibe kwina kokakolola, phindu lake lonse amalitengera pa kauntala pomwepo.

Msika wa zipangizo za kompyuta ulinso ndi nyengo zake za chilala. Mu 2021 anthu okumba ndalama za crypto anasesa makadi onse, moti khadi lolengezedwa pa $329 linkagulidwa kuwirikiza kawiri. Zinaphwa mu Seputembala 2022 pomwe Ethereum, imodzi mwa ndalama za pa intanetizi, inasiya njira yokumba ndi makadi. Kumapeto kwa 2025 chilala chinagwa pa RAM, chifukwa makampani a AI anayamba kugula memory yochuluka ya makompyuta awo akuluakulu, mpaka Micron inalengeza kuti ikusiya kugulitsa RAM ndi ma SSD a Crucial kwa anthu wamba. Wosonkhanitsa kompyuta amayenera kudziwa nyengo ngati mlimi.

Kusintha chipangizo chimodzi kumene kumakoka zinzake

Mfundo yaikulu ya okonda kompyuta ndi yakuti sumagula makina atsopano, umangosintha chiwalo chomwe chakalamba. Ndi zoona, koma theka lake. Theka linalo ndinaliphunzira ndi thumba langa.

Ndinali ndi kompyuta ya mu ofesi yogula pa kaunjika, zija zopyapyala zogona patebulo. Ndinaitanitsa graphics card kudzera kwa mnzanga wobwera kuchokera ku Joni, ndinadikira milungu itatu, tsiku lofika ndinachita kuthamangira kunyumba. Nditatsegula bokosi la kompyuta ndinapeza kuti khadilo ndi lalitali, chivundikiro sichingatsekeke. Ndinati palibe kanthu, izikhala yotsegula. Kenako ndinaona kuti khadilo likufuna chingwe chakechake cha magetsi cha mabowo asanu ndi limodzi, pomwe power supply ya mkatimo inali ya mawati 240, yopanda chingwe chotero. Ndinagula power supply ina. Pobwera nayo, pulagi yake yosagwirizana ndi motherboard, chifukwa makompyuta ambiri a mu ofesi amawapanga ndi mapulagi awoawo. Mapeto ake ndinagula motherboard, bokosi ndi RAM, ndipo pa kompyuta yoyamba ija chinatsala ndi hard disk ndi kiyibodi. Khadi lija linakhala miyezi inayi mu kabati pamodzi ndi mbale za alendo.

Unyolo wotere ndi wofala. Processor yatsopano kawirikawiri imafuna motherboard yatsopano, motherboard yatsopano imafuna RAM ya mtundu watsopano. Wochoka pa DDR4 kupita pa DDR5 sagula chinthu chimodzi, amagula zitatu. Apa kampani ya AMD inachita bwino ndi socket yake (polowetsa processor pa motherboard) ya AM4: inatuluka mu 2016, koma mpaka 2024 kunkatulukabe ma processor atsopano olowa pomwepo, monga Ryzen 7 5700X3D. Munthu yemwe anagula motherboard yabwino ya AM4 kalekale anatha kusintha processor yokha n'kupeza makina ngati atsopano. Ngati mukusonkhanitsa ndi ndalama zochepa, zipangizo za AM4 za pa kaunjika ndiye njira yomwe ine ndingaloze.

Kodi khadi limatha zaka zingati? GTX 1060 inakhala khadi lofala kwambiri pakati pa ogwiritsa ntchito Steam, sitolo ya pa intaneti ya magemu a pa kompyuta, mpaka kumapeto kwa 2022, zaka zisanu ndi chimodzi chitulukireni. Zikuonetsa kuti osewera ambiri sasintha makadi chaka ndi chaka monga amaonetsera a pa YouTube. Amangotsitsa kukongola kwa zithunzi n'kumasewerabe. Koma pali malire omwe kutsitsa sikuthandiza. Doom: The Dark Ages ya mu 2025 imafuna khadi lotha ray tracing, njira yatsopano yojambulira kuwala ndi mithunzi, ndipo pa GTX 1060 siyaka n'komwe. Battlefield 6 imafuna kompyuta yokhala ndi zachitetezo zotchedwa Secure Boot ndi TPM 2.0. Windows 10 nayo Microsoft inasiya kuisamalira pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 mwalamulo imafuna processor ya Intel ya m'badwo wachisanu ndi chitatu kupita m'tsogolo, kapena Ryzen 2000 kupita m'tsogolo. Makompyuta ambiri otchipa omwe adzaza m'mashopu a kaunjika ndi a m'badwo wachinayi ndi wachisanu ndi chimodzi. Funsani m'badwo wa processor musanatulutse ndalama. Kungomva kuti "ndi i7" sikokwanira, i7 ilipo ya 2012.

Apa ndiye kompyuta imabweza ngongole: mtengo wa magemu

Kwa zaka pafupifupi khumi ndi zisanu gemu yaikulu yatsopano inali $60. Mu 2020 NBA 2K21 ya makina atsopano ndi magemu a Sony monga Demon's Souls anakweza kufika $70, ena onse n'kutsatira. Mu 2025 Nintendo inagulitsa Mario Kart World pa $80. Tsiku lotuluka, mtengo pa kompyuta ndi pa console nthawi zambiri ndi umodzimodzi. Kusiyana kumayamba pakapita miyezi.

Pa kompyuta pali misika yambiri yolimbirana makasitomala: Steam ya kampani ya Valve, Epic Games Store, GOG, ndi masitolo ovomerezeka ogulitsa makiyi monga Humble ndi Fanatical. Steam imakhala ndi maselo aakulu chakumapeto kwa Juni ndi mu Disembala, pomwe magemu a zaka zitatu kapena zinayi amatsika kufika madola khumi, asanu, ngakhale kucheperapo. Epic yakhala ikugawa magemu aulere kuyambira Disembala 2018, ndipo mukatenga ndi yanu mpaka kalekale. Mu Meyi 2020 inagawa GTA V, anthu anachuluka mpaka sitolo inagwa. Steam imabwezanso ndalama ngati simunathe masiku 14 chigulireni ndipo mwasewera osapitirira maola awiri. Chinanso, gemu yomwe munagula pa Steam mu 2010 idakali yanu pa kompyuta ya lero. Munthu wodekha, wosathamangira zatsopano, akhoza kusewera chaka chonse ndi ndalama ya gemu imodzi yatsopano.

PlayStation Store nayo imakhala ndi maselo, ena abwino ndithu. Koma sitolo ndi imodzi. Kuyambira mu 2019 Sony inaletsa masitolo ena kugulitsa makodi a magemu athunthu, ndiye mwini PS5 yopanda disiki amagula kwa Sony basi, pa mtengo womwe Sony yanena tsikulo.

Chida cha console pa nkhondo imeneyi ndi disiki, ndipo kwathu kuno ndi chida chachikulu kuposa momwe a kunja amachionera. Disiki ndi katundu. Mumaigula kwa mnzanu ndi makwacha, mukamaliza mumagulitsa, kapena kusinthana ndi wina. Anyamata asanu a dera limodzi akhoza kugula magemu asanu n'kumazunguza chaka chonse ngati chipereganyu. Gemu ya pa Steam simungaigulitse kwa munthu. PS5 yolowa disiki imaseweranso pafupifupi madisiki onse a PS4, omwe ali mbwee ndipo ndi otchipa. N'chifukwa chake ndimati madola 50 omwe munthu amapulumutsa pogula PS5 yopanda disiki ndi ndalama yodula kwambiri yomwe angapulumutse. Series S nayo ndi chimodzimodzi: kamakina kabwino, kosadya magetsi, koma kalibe polowetsa disiki, ndipo pa 512GB yake malo enieni oikapo magemu ndi pafupifupi 364GB. Call of Duty imodzi ikhoza kudya gawo lalikulu la malowo.

Chenjezo limodzi pa madisiki: magemu a PS4 ndi PS5 amasewereka mosayang'ana dera lomwe disiki inachokera, koma zowonjezera zogula pa intaneti zimafuna kuti dera la akaunti ligwirizane ndi dera la disiki. Disiki ya ku America pa akaunti ya ku South Africa isewereka bwinobwino, koma zowonjezera zomwe mugule zikhoza kukana.

Za magemu okopera pa flash, omwe amapezeka pa msika uliwonse, ndingonena mwachidule. Ndi kuba, sasewereka pa intaneti, ndipo ambiri amabwera ndi mavairasi. Ngati kompyuta yomweyo ndi yomwe mumalowera ku banki kapena kusungira ntchito za kusukulu, gemu yaulereyo idzakudyerani zambiri.

Lendi ya mwezi ndi mwezi

Pa console, kusewera ndi anthu ena pa intaneti n'kolipira. Lendi ya Sony yotchedwa PlayStation Plus Essential inakwera mu Seputembala 2023 kuchoka pa $59.99 kufika $79.99 pachaka. Magemu aulere monga Fortnite, Warzone ndi eFootball safuna zimenezi, koma EA Sports FC, yomwe ambiri timaitchulabe kuti FIFA ngakhale dzinalo linatha ndi FIFA 23, imafuna. Pa PlayStation Plus amakupatsani magemu angapo mwezi uliwonse, inde, ndipo mu Meyi 2024 anaperekapo FC 24, koma mukasiya kulipira onse amatsekeka. Pa kompyuta kusewera pa intaneti n'kwaulere, mumangolipira intaneti yanu.

Game Pass ya Microsoft inali mfundo yaikulu yogulira Xbox: magemu mazana pa mtengo umodzi pamwezi. Mu Okutobala 2025 Game Pass Ultimate inalumpha kuchoka pa $19.99 kufika $29.99 pamwezi, kutanthauza $360 pachaka, mtengo wa magemu asanu atsopano. Kwa munthu wosewera magemu ambiri osiyanasiyana, wokhala ndi intaneti yopanda malire, zikhoza kumveka. Kwa wa bandulo ndi nkhambakamwa, chifukwa gemu iliyonse muyenera kuikoka pa intaneti.

Tiyeni tiwerengere zaka zisanu ndi mitengo ya kumapeto kwa 2025. PS5 yolowa disiki $549, PlayStation Plus zaka zisanu $400, magemu awiri atsopano pachaka pa $70 ndi $700. Zonse pamodzi pafupifupi $1,650. Kumbali inayi tiyerekeze kuti mwasonkhanitsa kompyuta ya $900 kuphatikizapo sikirini, pakati pa zakazo mwasintha khadi ndi $300, ndipo magemu mumagula pa selo ndi $60 pachaka, yomwe ndi $300. Zonse $1,500. Awa ndiye masamu omwe mng'ono wanga anamva, ndipo kompyuta yapambanadi. Tsopano chotsani PlayStation Plus chifukwa mumasewera ndi anzanu pa mpando umodzi, ndipo magemu muzigula madisiki akale n'kumagulitsanso. PS5 ija yatsika kufika pansi pa $800. Wopambana wasintha, makina ali omwewo. Chomwe chasintha ndi kaseweredwe ka mwini wake.

Zomwe masamu a kunja sawerengera

Choyamba ndi akaunti. Malawi, Zambia ndi Mozambique palibe pa mndandanda wa mayiko omwe PlayStation Network (PSN), komwe mumatsegula akaunti ya PlayStation, imawazindikira. Kum'mwera kuno ndi South Africa. Ndiye anthu amatsegula akaunti ya ku South Africa, ku Britain kapena ku America, n'kumagula makadi a mphatso a dziko limenelo kwa ogulitsa omwe amaikapo phindu lawo. Nkhaniyi inafika poyera mu Meyi 2024, pomwe Sony inafuna kukakamiza osewera Helldivers 2 pa kompyuta kulumikiza akaunti ya PSN, ndipo gemuyo inachotsedwa pa Steam m'mayiko oposa 170 opanda PSN. Osewera anakwiya, Sony inabweza lamulolo. Steam payokha ilibe vuto lotere, mumalembetsa dziko lanu lenileni, koma kulipira kumafunabe khadi lololedwa kugula kunja.

Apa ndiye pali chachiwiri, ndalama zakunja. Kwacha ya Malawi inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo madola m'mabanki ndi osowa. Wobweretsa PS5 kapena graphics card kuchokera ku Joni kapena ku Dubai amawerengera dola yomwe anaipeza movutikira, thiransipoti, msonkho wa pa boda ndi phindu lake. Njira iliyonse yofuna madola mwezi ndi mwezi ndi yolemetsa kuposa yofuna madola kamodzi. Kompyuta imafuna madola nthawi iliyonse mukagula gemu, ngakhale ya $5. Console yolowa disiki ikangofika m'nyumba, zotsala zonse mukhoza kuchita ndi makwacha. Kwa abale athu okhala ku Johannesburg kapena ku Leeds nkhani iyi siiwakhudza: masitolo ambiri amalandira randi ndi mapaundi, ndipo masamu a kunja aja ndi awo.

Chachitatu ndi data. Magemu aakulu a masiku ano ndi 50GB, 100GB, ena kuposa. Selo ya pa Steam imakoma pa sikirini, koma gemu ya $5 yolemera 90GB pa bandulo ya foni si ya $5. Disiki imachepetsa vutoli, ngakhale siilithetsa, poti magemu ambiri amafunabe ma update. Starlink inayamba kugwira ntchito ku Malawi ndi ku Zambia mu 2023, ndipo kwa omwe ali nayo kapena ali ndi fibre, mbali iyi ya nkhani yapepuka.

Chachinayi ndi magetsi. PS5 posewera imadya pafupifupi mawati 200, Series S yosafika 100, pomwe kompyuta ya magemu yapakatikati pamodzi ndi sikirini imafika 300 kapena kuposa. Pa mayunitsi kusiyanako n'kochepa, koma ngati mumadalira inverter ndi batire kapena sola, ndi kusiyana kwa kumaliza mpikisano ndi kuthimira pa hafu taimu. Ndipo chilichonse chomwe mungagule, ikanipo ndalama ya chotetezera magetsi akabwera mwamphamvu. Magetsi obwerera mwadzidzidzi apha makina ambiri. Pakafa chinthu, kompyuta ili ndi mwayi: power supply yopsa mumasintha yokhayo, amisiri ake ali m'tauni iliyonse. Console ikapsa mkati, wokonza wodalirika ndi wosowa, ndipo walanti ya ku sitolo ya ku Dubai siikuthandizani muli ku Mzuzu.

Njira zomwe anthu amazinyoza

PS4 ya pa kaunjika. Inagulidwa yoposa 117 miliyoni padziko lonse, ndiye makina, mapadi, madisiki ndi amisiri ake ali paliponse. FC 26, yomwe inatuluka mu Seputembala 2025, ilipo pa PS4. Lowani m'kanyumba kalikonse ka magemu m'tauni, komwe anyamata amalipira pa gemu imodzi ya mpira, ena ataimirira kumbuyo kudikira kuti woluza apereke padi: makina omwe ali pansi pa TV kawirikawiri ndi PS4, fani ikulira ngati ndege chifukwa cha fumbi. Eni malowa amadziwa masamu kuposa tonsefe. Ngati cholinga ndi mpira, God of War, Spider-Man yoyamba, GTA V ndi Red Dead Redemption 2, PS4 ikukwanirani pa kachigawo ka mtengo wa PS5. Kungoti masiku ake akutha, magemu atsopano ambiri sakufikanso kumeneko. Pogula, yesani polowetsa disiki, polumikizira HDMI, ndipo seweranipo mphindi makumi awiri mumve ngati ikutentha mpaka kuzima.

Laputopu ya magemu ndi yokopa kwa wophunzira: ntchito za kusukulu masana, magemu usiku, batire ya mkati ngati magetsi athima. Dziwani kuti khadi lake silisinthika, mungowonjezera RAM ndi SSD basi, ndipo ikachoka pa chaja mphamvu imatsika kwambiri. Kutentha ndi fumbi la mu Okutobala ndi adani ake. Steam Deck, kamakina ka m'manja ka Valve komwe kanatuluka mu 2022 pa $399, kamasewera magemu a pa Steam ndi batire, ndipo kwa wokhala kodula magetsi pafupipafupi ndi nzeru, ngakhale magemu ena a pa intaneti, kuphatikizapo FC yatsopano, sayenda pamenepo chifukwa cha mapulogalamu oletsa chinyengo. Zosewera magemu kudzera pa intaneti popanda makina amphamvu zimafuna maseva apafupi ndi intaneti yosadukaduka, ndiye tidikire kaye.

Xbox Series X, yomwe mu 2025 inafika $649, ndimavutika kuilimbikitsa kwa munthu wa kuno. Magemu onse a Microsoft amatuluka pa kompyuta tsiku lomwelo, ambiri ayamba kupita ku PS5, ndipo madisiki a Xbox osinthana nawo m'dera mwanu mudzawasaka ndi nyali.

Kompyuta ndimailoza kwa munthu yemwe idzamugwirirenso ntchito ina: wokonza mavidiyo a maukwati, wojambula mapulani a nyumba, wopanga nyimbo, wophunzira kulemba mapulogalamu. Kwa iyeyo funso si kompyuta kapena console, chifukwa kompyuta agula ndithu. Funso, pa mitengo ya mu 2025, ndi kuwonjezera $300 ya khadi kapena $549 ya PS5, ndipo khadi lapambana. Ndimailozanso kwa wokonda magemu a nzeru ndi oyendetsa matimu, a ma mod (zosintha zomwe osewera amawonjezera okha mu gemu), ndi ang'onoang'ono otchipa omwe pa console kulibe. Magemu a Sony nawo anafikako mochedwa: Horizon Zero Dawn mu 2020, God of War ndi Spider-Man mu 2022.

Kuchedwa kumeneku ndi komwe kunamaliza nkhani ya mng'ono wanga. GTA V inatuluka pa console mu 2013, pa kompyuta mu Epulo 2015. Red Dead Redemption 2 inatuluka mu Okutobala 2018, pa kompyuta patatha chaka. GTA VI, kampani yoipanga ya Rockstar itaisuntha kawiri, inailengeza kuti ituluka pa 19 Novembala 2026, pa PS5 ndi Xbox Series basi. Nditamuwerengera madeti amenewa anakhala chete pang'ono, kenako anati, "Ndiye kuti anzanga azisewera ine ndikuonerera pa YouTube chaka chathunthu?"

Anagula PS5 yolowa disiki, yogwirapo kale ntchito, kwa munthu yemwe ankasamukira kunja. Ndalama yotsala ndinamuuza agule padi yachiwiri, poti DualSense, padi ya PS5, yatsopano inali $75 ndipo mpira wa munthu mmodzi sukoma, komanso chotetezera magetsi. Padi anagula tsiku lomwelo. Chotetezera magetsi akuti agula mwezi ukatha, ndipo mwezi umenewo ndi wachitatu tsopano.